Mphepo ya Pansi pa Shedi

Kufamu, Bothwell
2 Juni

Wokondedwa mdzukulu wanga Tegan,

Ndikhulupirira uli bwino ku Melbourne kwanuko. Ine ndili moyo, ngakhale bambo ako akuyenda ngati munthu amene wagula kale maluwa a pamanda panga. Bondo likuwawa, khutu lakumanzere lagontheratu, zina zonse zikugwira ntchito. Foni unandisiyira ija ili m'kabati pamodzi ndi masupuni. Sindimvamo kanthu, ndipo zala zanga sizigwirizana ndi galasi lake. Uziwerenga makalata, kusukulu unapitira chiyani?

Makina ako atatu aja akulirabe m'shedi yometera nkhosa. Ukuti akukumba ndalama za pa intaneti. Sindikutsutsa, koma chibadwire sindinaonepo antchito aphokoso chotere. Galu wanga Sooty wakana kulowamo. Ndikuchita zonse unandiuza. M'mawa ndikamwa tiyi ndimakaona ngati mawindo anayi a kumwera ali chitsegukire, ndimapukuta sefa yako yotchinga fumbi ndi burashi, kenako ndimaika dzanja kumbuyo kwa makinawo kuti ndimve mpweya wotentha ukutuluka. Zaka makumi anayi ine ndi malemu agogo ako Athol tinkatseka mawindo amenewo ndi masaka, chifukwa mphepo ya kumwera imapha nkhosa yongometedwa kumene. Lero ndikuitsegulira ndekha ngati mlendo wolemekezeka.

Bambo ako Rodney anabwera Lamlungu ndi chipepala cha nyumba yosungirako okalamba ya ku Hobart. Pachithunzi pali nkhalamba zikuseka, mano oyera mbee. Ndinamufunsa ngati manowo amagawa pakhomo polowa. Sanaseke. Ndinamukhazika patebulo kuti abwereze pangano lathu, asadzanene kuti ndinamva ndi khutu logontha. Akuti chigwere changa pankhuni mu Epulo muja iye sagona tulo. Akuti makinawa akayenda bwino mpaka pa 1 Sepitembala, avomera kuti ndingathe kusamala malo ano, ndipo zimene akukumbazo zizilipira mayi wobwera kudzandithandiza kawiri pa sabata. Akalephera, ndikwera galimoto. Ndiye kuti mutu wanga tsopano aziuyeza ndi kutentha kwa zitsulo. Chabwino. Ndinabwera pamalo ano ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sindichoka chifukwa cha mabokosi atatu.

Nkhani ina. Nkhosa yamphongo ya a Mervyn, aneba athu aja, inalumpha mpanda mu Febuluwale. Tsopano zazikazi zanga khumi ndi ziwiri zonse zatupa mimba. Zidzaswa mu Julayi, chisanu chili pachimake. Ndawauza a Mervyn kuti iwo ndi nkhosa yawo khalidwe ndi limodzi.

Unditumizire magolovesi okhuthala. Ukudya koma?

Ndine agogo ako,
Dulcie


Melbourne
11 Juni

Agogo anga okondedwa,

Kalata yanu ndinawerengera m'sitima ndipo anthu ankandiyang'ana chifukwa cha kuseka. Ndikudya, musadandaule. Magolovesi ali m'phukusili.

Mukugwira ntchito yabwino. Pafoni ndikuona kuti makina ali pa madigiri 62. Akafika pa 85 amazima okha kuti asapse. Choncho kuzizira ndiye chakudya chawo, Agogo. Chonde mawindo aja musatseke ngakhale mtima wanu uziwawa. Mdani wawo wina ndi madzi. Ndaitanitsa zitsulo zophimba mawindo kuti chipale chofewa chisamalowe koma mphepo izilowa. Akuti zifika kumayambiriro kwa Julayi, chipale chisanayambe.

Adadi nawonso amaona manambala omwewa tsiku lililonse. Sikuti amakudani. Amaopa basi.

Mdzukulu wanu,
Tegan


Kufamu, Bothwell
24 Julayi

Tegan,

Moni. Pepa ndakhala chete, manja anali otanganidwa. Zitsulo zako zophimba mawindo sizinafike. Chipale ndiye chafika, sichinadikire munthu.

Chinayamba Lolemba masana. Sichinkagwa kuchokera kumwamba ngati chipale chaulemu, chinkabwera chopingasa ndi mphepo. Nditalowa m'shedi ndinapeza sefa yonse yayera, ndipo mbali yoyang'ana makina chikusungunuka, madzi akudontha pafupi ndi waya. Iwe unalemba zinthu ziwiri, kuti ndisatseke mawindo komanso kuti madzi ndi mdani. Sunalembe chochita zonse ziwiri zikabwera tsiku limodzi. Ndinaima pamenepo kalata yako ili m'manja, kenako ndinatseka mawindo onse anayi. Pofika nthawi ya tiyi wamadzulo shedi inali ziii. Makina ako agona.

M'mawa mwake kunacha bwino, ndinatsegula, anadzuka. Lachitatu chinabweranso, ndinatsekanso, anagonanso. Lero chimodzimodzi.

Tsiku lomwe lija la Lolemba nkhosa zinayamba kuswa. Ana awiri ndinawapeza atauma kale kumpanda. Asanu amayi awo awakana, kapena mkaka palibe. Ndinawanyamula m'thumba mmodzimmodzi. Kukhitchini nkhuni zikutha msanga ndipo sindingawaze zambiri ndi bondo ili, ndiye ndinaganiza kuti kumbuyo kwa makina ako kukutuluka mpweya wotentha umene palibe akuugwiritsa ntchito. Ndawayalira udzu pamenepo. Kamodzi kanali kataleka kale kuphethira, koma patatha ola kanaimirira n'kundiyamwa chala. Aka n'koyamba makina amenewa kuchita chinthu chimene ndachiona ndi maso anga.

Sindikupepesa. Ndikungokuuza kuti udziwe chifukwa chake manambala akuvina. Msewu watsekeka, kalatayi aitenga a Mervyn pa thirakitala.

Agogo ako


Hobart
24 Julayi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife kuno tili bwino, mpongozi wanu Carol akupereka moni.

Sabata ino makina azima katatu. Tegan akuti zimenezi zimachitika mawindo akatsekedwa. Munalonjeza pamaso panga kuti simudzawatseka. Ndaimba foni kasanu ndi kawiri, simukuyankha. Ndinanyamuka Lachitatu koma apolisi anandibweza panjira chifukwa cha chipale. Ndinakhala m'galimoto osadziwa ngati muli m'nyumba kapena mwagwanso pankhuni.

Amayi, kuiwala si mlandu. Adadi nawonso anayamba chonchi, kutseka zimene atsegula, kutsegula zimene atseka, ndipo inu munatibisira chaka chathunthu. Sindikufuna kudzamvanso mochedwa.

Kunyumba ija kwapezeka chipinda choyang'ana kumtsinje. Akufuna yankho pofika pa 20 Ogasiti. Sindidikiranso Sepitembala. Ndibwera Loweruka pa 16 ndi galimoto yaikulu. Muyambe kusankha zimene mutenge. Sooty tidzamusunga ife.

Mwana wanu,
Rodney


Melbourne
31 Julayi

Agogo,

Kalata yanu yafika lero, ndipo ndalira. Ndimaganiza kuti mwina Adadi akunena zoona. Ndawawerengera pafoni koma akuti munthu amene wayamba kuiwala amakhala ndi chifukwa chomveka pa chilichonse. Akuti kuika nkhosa pamalo a magetsi ndi umboni winanso.

Munachita bwino kutseka. Kulakwa ndi kwanga. Zitsulo zija akuti zikadali kudoko, sadziwa kuti zidzawoloka liti nyanja kubwera kwanuko. Koma tiana tija muchotsemo, Agogo. Mawindo akatsekedwa mpweya umangozungulira m'shedi momwemo, ndipo ubweya ndi udzu zikulowa m'makina. Makina amodzi ayamba kutentha ngakhale tsiku lowala.

Ndapempha tchuthi kuntchito, andikaniza mpaka Okutobala. Sindikudziwa chochita. Mwina mungosiya, musadzipweteke chifukwa cha nzeru zanga zopusa.

Tegan


Kufamu, Bothwell
4 Ogasiti

Rodney,

Moni kwa iwe ndi Carol. Kalata yako ndalandira. Popeza ukuti ndikuiwala, ndikuuze zimene ndikukumbuka. Unabadwa Lachinayi, mvula ikugwa, ndipo unatuluka ukudandaula. Ndikukumbukanso kuti patebulo langa unanena 1 Sepitembala, osati 16 Ogasiti. Amene waiwala ndani?

Za bambo ako usazitchulenso m'kalata. Ndinakubisirani chifukwa anandipempha adakali ndi nzeru zawo, ndipo ndinawasamala mpaka tsiku lomaliza popanda chipinda choyang'ana kumtsinje.

Ubwere pa 16, ndi kwanu kuno. Ndiphika nyama yankhosa. Galimoto yaikuluyo idzatithandiza kunyamula manyowa.

Mayi ako


Kufamu, Bothwell
6 Ogasiti

Tegan mwana wanga,

Pukuta misozi, nzeru zako si zopusa. Ndi zosakwanira chabe, ngati za munthu aliyense wophunzira.

Tamvera. Lamlungu ndinkatulutsa tiana tija monga unanenera. Ndinadutsa nato kuseri, kukhola la mkati kumene tinkagonekako nkhosa zodikira kumetedwa. Ukukumbuka kuti pansi pake si matabwa ogundana, koma timatabwa tosiyana mipata yolowa chala? Kamodzi kanapulumuka n'kukagona pakona, ndipo pokatenga ndinapeza kakunjenjemera. Ndinagwada, ndinaika tsaya pampata. Mphepo! Yozizira ngati mpeni, koma youma. Panja chipale chikuwomba, koma pamenepo palibe ngakhale dontho.

Ndinakhala pansi n'kudzitukwana. Shedi yankhosa sipumira m'mawindo, Tegan, imapumira pansi. N'chifukwa chake anaimanga pamwamba pa zipilala. Nkhosa zikanyowa tinkaziika pa timatabwa timeneti kuti pofika m'mawa ubweya uume, poti wometa sakhudza nkhosa yonyowa. Iwe unaika makina ako pawindo chifukwa m'tauni mphepo imalowera pawindo. Ine ndinakuonerera osanena kanthu chifukwa ndinkaganiza kuti za makina sizindikhudza. Tonse awiri ndife zitsiru.

Vuto ndi lakuti mphepo ikungolowera pakona imodzi. Kwina konse manyowa a nkhosa a zaka makumi anayi adzaza mpaka kugunda timatabwa. Agogo ako aamuna chaka chilichonse ankati adzachotsa chaka chamawa. Ndiye ndayamba kukumba. Ndimalowa chokwawa ndi fosholo yaifupi, ndimadzaza chidebe, ndimachikoka ndi chingwe. Ndi ouma ngati ufa, sanunkha. Ndikatuluka Sooty amandiuwa, sandizindikira.

A Mervyn ndinawauza kuti popeza nkhosa yawo ndi imene inayambitsa zonsezi, abwere ndi hamala. Anati ali ndi zaka 81 ndipo msana wawo unatha ndi kumeta. Ndinati pakamwa pawo mpamene sipanathe. Abwera. Akukhoma bokosi lopanda pansi, loti likhale pamwamba pa timatabwa, makina tiwasamutsire pamenepo azikoka mphepo kuchokera m'menemo. Sefa yako tiigoneka pansi pa bokosilo kuti fumbi lisakwere. Mpweya wotentha uzipita mbali ya tiana, kenako uzitulukira pa timakomo ta kumpoto timene tinkakankhirapo nkhosa zometedwa. Ubweya sungabwerere m'makina chifukwa mphepo izipita njira imodzi, ngati nkhosa tsiku lometa.

Undilembere msanga ngati waya wa khoma la kuseri angapirire. Athol anaika wamphamvu wa makina ometera. Bambo ako usawauze. Akamva kuti ndikukwawa pansi pa shedi abwera ndi dokotala.

Agogo ako


Melbourne
12 Ogasiti

Agogo!

Sindinadikire positi, ndinaimbira a Mervyn za waya, ndikhulupirira anakuuzani kuti ndi wabwino. Dzulo makina anazima maola awiri, ndinadziwa kuti mukusamutsa. Kenako anayaka pa 71. Lero ali pa 66. Akutsika tsiku lililonse pamene mukukumba. Ndikukuonani pafoni, Agogo, chidebe chilichonse.

Adadi anasiya kuyang'ana manambala. Akuti anaganiza kale. Sindinawauze kanthu. Koma chonde musamalowe pansipo a Mervyn palibe.

Tegan


Kufamu, Bothwell
17 Ogasiti

Wokondedwa Tegan,

Moni. Khala pansi, nkhaniyi ndi yaitali.

Dzulo kunacha ndi mvula yosakaniza ndi chipale. Ndinaika nyama mu uvuni, ndinamwetsa tiana, ndipo poti bambo ako amafika masana ndinati ndichotseko zidebe zingapo pakona yotsala. A Mervyn anapita kukagula mankhwala awo. Ndikudziwa zimene unalemba, usandiuzenso.

Rodney anafika msanga. Anapeza m'nyumba mulibe munthu, nyama ikupsa, Sooty akulira kushedi. Atazungulira kuseri anaona nsapato ziwiri zikutuluka pansi pa shedi, osagwedezeka. Ine ndinangomva munthu akukuwa ngati mwana, kenako manja andigwira akakolo, ndikukokedwa chagada ngati mwana wang'ombe wobadwa chammbuyo. Nditatuluka ndinamuona wagwada m'matope ndi thalauza lake la kuofesi, nkhope yoyera ngati mkaka. Ndinamufunsa ngati ku Hobart moni amapereka chonchi masiku ano.

Anayamba kulankhula, Tegan. Zonse zimene wasunga chaka chino. Kuti ndine wouma mutu, kuti ndikufuna adzandipeze nditafa kuti adzavutike moyo wake wonse, kuti munthu wanzeru zake sangakwawe m'manyowa ali ndi zaka 79. Ndinamusiya athe. Kenako ndinati andigwire mkono tilowe mkati.

Mkatimo mawindo onse anayi anali otseka, ndi masaka omwe, monga kale. Iye anangoti, "Mwaona, Amayi? Mwatsekanso."

Ndinati, "Tulutsa foni yakoyo."

Anatulutsa. Anayang'ana nthawi yaitali, anaipukuta pamalaya, anayang'ananso. Ndinamufunsa kuti ikuti chiyani, poti ine maso anga ndi a nkhalamba yoiwala. Anati 55. Chiyambire makinawa sanatsikepo chotere, ndipo panja kukugwa zimene zikugwazo. Ndinamuuza avule golovesi aike dzanja pa timatabwa. Anaika. Kenako anayenda pang'onopang'ono kutsatira mphepo, kuchokera pabokosi la a Mervyn, kudutsa pa tiana tisanu tonenepa tikugona mulu umodzi, mpaka pa timakomo ta kumpoto. Anakulira m'shedi imeneyi, sindinafunike kumufotokozera. Anangofunsa kuti anaganiza zimenezi ndani, iwe kapena a Mervyn. Ndinati a Mervyn chiganizire chinthu ndi chaka chimene anakwatira.

Rodney anatuluka, ndipo nditamutsatira ndinapeza walowa yekha pansi pa shedi ndi nsapato zake zonyezimira. Anatulutsa zidebe khumi ndi zinayi. Nyama inapserera, tinadya yomweyo. Pochoka sananene za chipinda, inenso sindinafunse. Galimoto yaikulu inapita ndi matumba asanu a manyowa a maluwa a Carol.

Tsopano ndikuuze chimene sindinamuuze, ndipo ukachitulutsa ndidzakuchotsa pa chithunzi cha pakhoma. Pamene ankandikoka paja sindinkakumba. Bondo linali litakana. Ndinatembenuka molakwika, linauma, ndipo ndinagona pamenepo kuyambira cha m'ma teni. Ndinayesa kudzikankha, ndinangofika pamene nsapato zinatulukira. Mphepo imene ndakhala ndikuinyadira ija inkandidutsa m'mafupa, makina ako akulira mosangalala pamwamba panga. Ndinaopa, Tegan. Osati kufa. Ndinaopa kuti mwana wanga akhala kuti ananena zoona.

Pa 20 ndi Lachitatu. Sutikesi sindinaitsitse, koma ndaiyang'ana.

Agogo ako


Hobart
20 Ogasiti

Amayi,

Moni. Carol akuthokoza manyowa. Nsapato zanga zija wataya.

Fosholo inali kutali ndi dzanja lanu, Amayi. Ndinaipeza mkati, mamita atatu kuchokera pamene munagona, ndipo m'fumbi munali mzere wa pamene munadzikoka ndi zigongono. Manja anu anali ozizira ngati chitsulo. Ndinaona zonse. Ndinadikira kuti munene, simunanene.

Lero m'mawa ndinaimika galimoto panja pa nyumba ija theka la ola. Ndimaganiza za fosholoyo. Ndimaganizanso za mphepo ija. Ine ndi Tegan tinayang'ana manambala miyezi iwiri, ndipo palibe anaganiza zogwada n'kuika tsaya pansi. Munthu amene mutu wake ukutha sachita zimenezo. Ndinalakwa kukufanizirani ndi Adadi. Mutu wanu uli bwino. Bondo ndiye ayi.

Ndawauza kuti chipindacho apatse wina.

Koma mumve izi, ndipo si pempho. Pansi pa shedi simulowanso. Pakona yotsalayo ndimaliza ine, ndizibwera Loweruka lililonse mpaka ithe, ndipo ikatha ndizibwerabe. Mayi wothandiza uja ayamba sabata yamawa, osati Sepitembala, ndipo musamuthamangitse. Foni ichoke m'masupuni, ikhale m'thumba la epuloni. Sikofunika kuti muzimvamo kanthu, mungodina batani lofiira mukagwa.

Mwana wanu,
Rodney


Kufamu, Bothwell
25 Ogasiti

Rodney mwana wanga,

Moni. Kalata yako ndawerenga kawiri, kachiwiri ndili m'shedi, pamene phokoso limabisa zinthu zina.

Inde, bondo linakana. Ndinagona maola awiri. Ndalemba ndi dzanja langa kuti usadzanene kuti ndinakubisiranso.

Mayiyo abwere, koma asakhudze mapoto anga. Foni ili mu epuloni, ikundimenya ntchafu poyenda. Makina ali pa 53, Tegan wandilembera. Tiana tayamba kudya udzu, ndipo kamodzi kouma mutu kamene kamalira popanda chifukwa ndakatcha dzina lako.

Jombo za bambo ako ndazitsitsa, ndazipaka mafuta, zili pakhonde. Phazi lanu ndi limodzi. Loweruka ufike m'mawa, usanadye. Ine ndikhala pampando panja ndi chingwe cha chidebe, ndizikuuza pamene ukulakwitsa.

Ndine mayi ako,
Dulcie